Droni za m'mitambo ndi thumba la ku Kasina: zoyenera ndi zosayenera

Abale anga a ku Kasina, nkhani ya madroni yatifika m'makutu, ndipo ena mwayamba kale kuyang'ana kumwamba. Matalala akangoyoyola maluwa a nyemba n'kung'amba masamba a kachewere, kapena chimphepo chikasasula denga la sukulu, pamsonkhano wotsatira sipalephera kuimirira munthu wonena kuti, "Boma likanatigulira ndege zija zouluka zokha, zikanationera zimenezi zisanafike." Mawuwo ali ndi nzeru yake, sindikuwanyoza ayi. Koma walira mvula walira matope, ndipo matope a nkhani imeneyi ndi ndalama.

Tisiyanitse kaye. Pali timadroni timene mumationa pa ukwati ndi pa msonkhano wa ndale tikujambula anthu. Timeneti timauluka chapafupi, batire n'kutha pakangodutsa theka la ola. Ndiye pali zimphona zimene zimakwera makilomita 18 kapena 20, kupitirira njira za ndege zonyamula anthu, n'kumasuzumira namondwe kuchokera pamwamba. Global Hawk ya ku America ndi imodzi mwa izo. Mapiko ake amapitirira mamita 35, imatha maola oposa 24 osatera, ndipo imagwetsera mu namondwe tizipangizo toyeza mphepo, kutentha ndi chinyontho. Yatsopano imodzi imadya madola oposa 100 miliyoni. Pulojekiti yonse ya M-CLIMES, imene kuyambira mu 2017 inaika makina oyezera nyengo m'maboma ambiri ndi pa nyanja ya Malawi, inali ya madola pafupifupi 16 miliyoni. Masamu mumawadziwa, werengani nokha.

Ndiye kaya ndinu a komiti ya chitukuko, khansala, mlangizi, mphunzitsi, kapena wachinyamata amene mtima uli dyokodyoko kufuna kuulutsa chinthu, khalani pansi timvane.

ZOYENERA

- Yambani ndi funso lakuti, "Tikufuna kudziwa chiyani?", chifukwa mlimi wa nyemba akufunsa tsiku lobzala, sakufunsa liwiro la mphepo ya pa makilomita 18.
- Funsani mtengo wa ola limodzi louluka, pakuti wogulitsa amathamangira kutchula wogulira wokha.
- Droniyo muiganizire monga mmene mumaganizira chigayo: injini mumagula tsiku limodzi, koma dizilo, masefa, malamba ndi malipiro a wapachigayo ndi za mwezi ndi mwezi.
- Werengerani anthu apansi, poti chimphona chotere chimafuna oyendetsa osinthana usana ndi usiku, amisiri ndi owerenga zimene chayeza.
- Werengerani bwalo ndi nyumba yosungiramo, chifukwa Global Hawk imafuna msewu watala wautali, siinyamukira pabwalo la mpira.
- Werengerani satelayiti yolankhulirana nayo, pakuti ikapita kutali imamvera kudzera kumeneko ndipo biluyo imabwera m'madola.
- Funsani kuti mtengowo walembedwa mu ndalama yanji, poti mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, bajeti zambiri n'kusanduka mapepala chabe.
- Funsani za inshuwalansi, chifukwa chinthu chotumidwa kufupi ndi namondwe tsiku lina sichidzabwerako.
- Mukamva kuti "n'zaulere, alipira ndi otithandiza," funsani amene adzalipire pulojekiti ikadzatha, pakuti pamenepo ndi pamene zida zambiri zimafera.
- Tengerani phunziro kwa eni ndalama, poti ngakhale bungwe la NASA silinagule Global Hawk zake zatsopano, linachita kulandira kwa asilikali a mumlengalenga a dziko lawo.

Apa ndikhalitsepo pang'ono. NASA inaulutsa ndege zimenezi pamwamba pa anamondwe a nyanja ya Atlantic kuyambira 2012 mpaka 2014, kunyamukira ku Wallops m'chigawo cha Virginia. Bungwe la zanyengo la NOAA linapitiriza kuziyesa mu 2015 ndi 2016. Zimene anayeza zinali zothandiza, palibe akutsutsa. Koma ntchito ya chaka ndi chaka yolondola namondwe kumeneko idakali m'manja mwa masatelayiti, mabaluni ndi ndege zokhala ndi anthu, kuphatikizapo ziwiri za mtundu wa P-3 zimene zinapangidwa m'zaka za m'ma 1970. Ngati dziko lolemera chotero limasamala ndege zakale m'malo mothamangira zatsopano, ifeyo tisachite manyazi kuyamba ndi zimene thumba lathu lingathe.

- Yambani ndi choyezera mvula pa sukulu iliyonse, chifukwa ulosi wa dera umakula ndi manambala ochokera m'deralo.
- Chiikeni poyera, kutali ndi mtengo, khoma ndi madzi otsika padenga, apo ayi mudzalemba mvula ya malata.
- Chiimikeni chilili, pakamwa pake posapendekeka, poti chopendama chimaba mamilimita.
- Werengani 8 koloko m'mawa tsiku ndi tsiku, pakuti manambala oyezedwa nthawi zosiyana sayerekezeka ndi a anzanu a ku Bembeke.
- Lembani ziro tsiku limene sinagwe, chifukwa mpata wosalemba sunena ngati kunali ng'amba kapena wolemba anali ku maliro.
- Phunzitsani ana kuti milimita imodzi ndi lita imodzi pa malo a mita imodzi m'litali ndi m'lifupi, kuti akamva "mamilimita 80" pa wailesi adziwe kuti kwatsika madzi.
- Tetezani siteshoni yodziwerengera yokha ngati ili m'dera lanu, poti sola ndi batire yake zikapita, ku likulu la zanyengo ku Blantyre dera lanu limangokhala zii.
- Lambulani udzu pa mpanda wake nyengo ya moto wolusa isanafike, chifukwa osaka mbewa sasankha potentha.
- Mukapeza mpata wolankhula ndi phungu, pemphani mabaluni a zanyengo, pakuti baluni imodzi ndi kachipangizo kake ndi madola mazana ochepa, koma imakwera pafupifupi makilomita 30 ikuyeza njira yonse.
- Pemphani kuti aziulutsidwa kawiri pa tsiku monga amachitira maiko ena, poti baluni ya tsiku la alendo lokha siithandiza ulosi.
- Dziwani kuti diso lakumwamba tili nalo kale, chifukwa masatelayiti a Meteosat, pa makilomita 36,000, amajambula mitambo ya Africa mphindi 10 mpaka 15 zilizonse.
- Dziwaninso kuti anamondwe a kuno amalondoledwa kuchokera pa chilumba cha La Réunion, kotero a zanyengo athu amamva za iwo adakali pakati pa nyanja.
- Funsani alangizi ulosi wa boma la Dedza mvula isanayambe, pakuti wa dziko lonse umaphatikiza Nsanje ndi mapiri athu ano mumphika umodzi.
- Ikani ndalama mu njira yofikitsira uthenga, monga mayunitsi, chinkuzamawu, wenzulo ndi njinga, chifukwa chenjezo lothera mu foni ya wapampando silinapulumutsepo munthu.
- Gwiritsani ntchito zolengeza za ku parishi, ku mipingo ina ndi ku mzikiti, poti agogo amene alibe foni kumeneko salephera.
- Gwirizanani nyengo idakali yabwino za kothawira ndi wonyamula okalamba, pakuti usiku wa mvula si nthawi yoitanitsa msonkhano.
- Droni yaing'ono muiitane mvula itakata, chifukwa luso lake lenileni ndi kuonetsa milatho yoduka, madenga osasuka ndi minda yokokoloka.
- Bwerekani kapena lipirani ntchito ya masiku ochepa m'malo mogula, poti chida chogwira ntchito kawiri pa chaka chimathera batire m'kabati.
- Funani achinyamata athu amene anaphunzira ku African Drone and Data Academy, sukulu imene inatsegulidwa ku Lilongwe mu Januwale 2020 ndi thandizo la UNICEF, Virginia Tech ndi yunivesite ya MUST, chifukwa katswiri wochokera kunja amabwera ndi tikiti ya ndege ndi bilu ya hotela.
- Wofuna kuyesa chida chatsopano muuzeni za Kasungu, pakuti kuyambira mu Juni 2017 kuli malo oyeserako madroni, makilomita 40 mbali zonse kuchokera pabwalo la ndege.
- Onani ndi maso anu chilolezo cha oyang'anira maulendo a ndege, poti "mapepala ali m'galimoto" si chilolezo.
- Dzerani kwa a mfumu ndi a gulupu chisanauluke kanthu, chifukwa mudzi uli ndi eni ake ndi malo ake osayenera kusuzumira.
- Sonkhanitsani anthu, aone droniyo ili pansi, aigwire, afunse, pakuti mphekesera za anamapopa za mu 2017 ku Mulanje ndi ku Phalombe zinatayitsa miyoyo ya anthu osalakwa.
- Lembani m'pangano kuti zithunzi ndi manambala zitsale ku khonsolo ndi ku nthambi ya zanyengo, apo ayi mudzagula mapu a munda wanu womwe.
- Ngati tsiku lina chimphona chidzafunikadi, chikhale cha maiko a SADC pamodzi, chifukwa namondwe woyenera kuyezedwa amakhala pa nyanja ya pakati pa Mozambique ndi Madagascar, kumene Malawi alibe ulamuliro wa mlengalenga.

ZOSAYENERA

- Musayambe ndi kusankha chida kenako n'kumachifunira ntchito, poti mudzapezeka mukuyankha funso limene palibe anafunsa.
- Musakopeke ndi kanema wa pa foni, chifukwa wotsatsa malonda saonetsa tsiku limene chinagwa.
- Musachite manyazi kufunsa mtengo pamaso pa alendo ovala bwino, safunsa anadya phula.
- Musasokoneze kadroni ka pa ukwati ndi ndege yoyeza namondwe, pakuti kaja kamagonja ku mphepo imene imangogwedeza nthochi.
- Musaganize kuti kukwera kwambiri ndiye kuona zonse, poti ili kumwambako siidziwa kuti dothi la m'mbali mwa phiri lakhuta madzi.
- Musaiwale kuti mitambo ya mabingu ya kuno kotentha imatalika mpaka makilomita 15 kapena kuposa, ndiye ndege yofuna kuidutsa pamwamba iyenera kukwera zedi, ndipo kukwerako n'kumene kumadula.
- Musayembekezere kuti idzakuchenjezani za matalala a masana ano, chifukwa mtambo wa matalala umakula n'kukhuthula mkati mwa ola limodzi kapena awiri.

Ichi n'chimene ambiri amachiphonya. Chimene chimatipweteka kawirikawiri kuno kumtunda kwa Dedza si namondwe wa dzina wochokera ku nyanja. Ndi mtambo umodzi wakuda umene umasonkhana pamwamba pa Chongoni dzuwa litapendeka, mphepo n'kuyamba kuzizira mwadzidzidzi, nkhuku n'kuthamangira m'khonde, kenako matalala kapena chimphepo pa midzi itatu, wachinayi osagwa n'dontho lomwe. Kuti droni iuone mtambo umenewo, iyenera kukhala ili kale m'mwamba tsiku lililonse kuyambira Novembala mpaka Epulo. Chulukitsani masiku amenewo ndi mtengo wa ola limodzi. Ntchito yomweyo imagwiridwa motsika mtengo ndi satelayiti, makina ozindikira mphezi ndi radar ya zanyengo, zimene sizifuna kutera kuti zimwe mafuta.

- Musanamizidwe kuti ndege zoyendera dzuwa n'zaulere, pakuti dzuwa ndilo laulere koma mapiko, mabatire ndi amisiri ayi.
- Musaiwale mmene zilili zofooka, poti Zephyr ya kampani ya Airbus, ya mapiko a mamita 25 koma yolemera makilogalamu 75 okha, inasweka ku Australia mu 2019 itakumana ndi mphepo yovuta ikukwera.
- Musangomva za masiku 64 amene Zephyr ina inakhala m'mwamba mu 2022, imvaninso kuti ulendowo unathera pakugwa ku Arizona.
- Musaganize kuti kampani yolemera siibwerera m'mbuyo, chifukwa Loon, ya eni ake a Google, inayamba kupereka intaneti ya pa mabaluni ku Kenya mu 2020 n'kulengeza kutseka mu Januwale 2021 ndalama zitakana kubwerera.
- Musamange chitetezo cha mudzi pa chinthu chimene mwini wake angachitseke ndi kalata imodzi, poti mvula siidikira kuti mupeze wina.
- Musanene kuti Freddy anatipweteka chifukwa tinalibe droni, pakuti namondwe ameneyu analondoledwa kwa mwezi wathunthu kuchokera kufupi ndi Australia, ndipo chenjezo linaperekedwa asanafike.

Pa Freddy ndimalankhula mtima ukuwawa. Mu Marichi 2023 matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche kukwirira nyumba ku Chilobwe, ndipo ku Mulanje, Phalombe ndi Chiradzulu kunachitika zofanana. Anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa, oposa 600,000 anasiya nyumba zawo, ndipo chiwonongeko chinawerengedwa kupitirira madola 500 miliyoni. Kumene namondwe akulowera kunkadziwika. Chimene chinaperewera chinali cha pansi pano: uthenga womveka wonena kuti phiri litsika, malo othawirako, ndi munthu wogogoda pakhomo. Nafenso tili ndi nyumba m'mbali mwa mapiri ometedwa mitengo.

- Musalime kapena kumanga m'khwawa n'kumati makina adzatichenjeza, chifukwa chenjezo silibweza madzi m'phiri.
- Musatumize kadroni ka komiti mu mvula ya mkuntho, poti kamene a NOAA anaponya mu namondwe wa Ian mu 2022 anakaponya kuchokera mu ndege yaikulu akudziwa kuti sikabwerera.
- Musakhulupirire mphindi zolembedwa pa bokosi, pakuti kuno kumtunda mpweya ndi wopepuka ndipo batire imatha msanga.
- Musaulutse m'mawa wa Juni ndi Julayi batire ili zii, chifukwa kuzizira kwa Dedza kumaifooketsa droni ili kale m'mwamba.
- Musalimbane ndi nkhungu, poti chimene simukuchiona simungachibweze.
- Musasiye mabatire padzuwa kapena pafupi ndi mbaula, pakuti akatupa amayaka moto wovuta kuzima.
- Musagule chida chopanda wokonza m'dziko muno, chifukwa phiko limodzi likathyoka mudzadikira ndalama zakunja, msonkho ndi miyezi.
- Musaphunzitse munthu mmodzi yekha, poti akapeza ntchito ku Lilongwe chidacho chatha ntchito.
- Musasankhe wophunzira chifukwa ndi mphwa wa wapampando, pakuti droni siimva za chibale.
- Musasiye atsikana kunja, chifukwa ambiri mwa amene amakhala pamudzi chaka chonse ndi iwowo.
- Musathere bajeti pa maalawansi, zakumwa ndi matisheti a tsiku lokhazikitsa, poti mwezi wotsatira foni ya komiti idzasowa mayunitsi.
- Musalonjeze anthu ndege pa msonkhano wa kampeni, chifukwa lonjezo lotero limapangitsa anthu kunyoza choyezera mvula chimene ali nacho.
- Musachotse batire ya pa siteshoni ya zanyengo kuti mukachajire mafoni kapena kuonetsera mpira, pakuti mwaba chenjezo la mudzi wonse, ndi lanu lomwe.
- Musagule sola yotchipa modabwitsa kwa munthu wobwera usiku, poti mukudziwa kumene yachokera.
- Musamangirire mbuzi pa mpanda wa siteshoni, chifukwa imatafuna mawaya.
- Musalole ana kuthira madzi kapena kuponya timiyala mu choyezera, pakuti bodza limenelo limakafika mpaka ku likulu.
- Musadzaze kope la mvula kumapeto kwa mwezi ndi manambala a m'mutu, poti mpata wosalemba uli bwino kuposa nambala yopeka.
- Musatseke kope limodzi ndi sukulu pa holide ya Khirisimasi, chifukwa mvula yaikulu imagwa masabata omwewo.
- Musafalitse uthenga wa pa WhatsApp wopanda tsiku ndi dzina la nthambi ya zanyengo, pakuti chithunzi cha namondwe wa Idai wa 2019 chimabwererabe ngati cha lero.
- Musawonjezere mchere pa chenjezo kuti anthu aope, poti akathawa pachabe kamodzi, kachiwiri sadzadzuka.
- Musatukwane a zanyengo kuti anama mvula ikagwa ku Linthipe osafika pakhomo panu, chifukwa ulosi umanena za dera, sunena za munda.
- Musanyoze akuluakulu amene amawerenga mphepo, nyerere ndi maluwa a mango, pakuti anaona nyengo zambiri kuposa kope lililonse la pa sukulu.
- Musadalirenso zizindikiro zimenezo zokha, poti namondwe wobadwira kutsidya kwa Madagascar sadziwika ndi nyerere za pakhomo.
- Musaganize kuti namondwe wa kumwera sakukukhudzani, chifukwa namondwe wa Ana atawononga damu la Kapichira mu Januwale 2022 magetsi anavuta dziko lonse, zigayo ndi netiweki zomwe.
- Musadalire foni yokha, pakuti tsiku la ngozi ndi limene netiweki imathawa, wailesi ya mabatire n'kutsala.
- Musaulutse pamwamba pa manda kapena dambwe, poti mlandu wake sudzatha ndi kupepesa kwa pakamwa.
- Musajambule m'mipanda ya anthu, kubafa ndi pa chipatala, chifukwa kuyeza nyengo sikukupatsani ufulu wosuzumira.
- Musasewere nayo cha kumalire a Dedza ndi Mozambique, pakuti mphepo ikaikankhira ku Angónia nkhaniyo yasanduka ya maboma awiri.
- Musatole n'kubisa kabokosi ka baluni kakagwera m'munda, kaonetseni kwa a mfumu kapena alangizi, poti mulibe chuma kapena mankhwala m'menemo.
- Musasaine pangano la Chingerezi chokhachokha pa tsiku lomwelo, chifukwa ndime ya "ndalama zokonzetsera" imakonda kubisala patsamba lomaliza.
- Musaime pansi pa mtengo kudikira kuti makina akuuzeni za mphezi, pakuti bingu likamveka masekondi 30 asanakwane chiwalireni, ili kale mkati mwa makilomita 10.
- Musasiye ana kubusa kapena pabwalo la mpira mabingu atayamba, poti pamtetete wamtali ndi iwowo.
- Musawoloke Linthipe atadzaza chifukwa choti kwanu sikunagwe, pakuti madziwo ndi a mvula ya kumtunda.
- Musaike nambala yolandirira machenjezo mu foni ya munthu amene akukonzekera ulendo wa ku Joni, chifukwa uthenga wa Kasina udzakalira ku Johannesburg.